Ma jet a ku LHC ndi sikani ya khutu lotuluka mafinya: pali ubale wanji?

Nachisale wa ku Mufakose:

Moni nonse akuluakulu a pabwalo lino. Ndikuphunzira ntchito yojambula odwala kuno ku Harare, ndipo m'kalasi ya fizikisi tauzidwa kuti zipangizo zina za CT zamakono zili pachibale ndi makina a ku CERN, kumene amawombanitsa mapulotoni. Ndili ndi mafunso awiri. Kodi jet n'chiyani kwenikweni, ndipo amaiyeza bwanji poti quark sioneka? Lachiwiri ndi la ntchito yathu: munthu akabwera ndi khutu lotuluka mafinya, ndi liti pofunika CT, ndi liti pofunika MRI, ndipo ndi liti posafunika kujambula n'komwe? Ngati ubalewo ulipodi, mundiunikireko.

aPhiri a ku Mount Pleasant:

Achemwali, ine nditenga la ma jet, la khutu ndisiyira eni ake.

LHC (Large Hadron Collider), makina a ku CERN aja, ndi ngalande yozungulira ya makilomita 27, pafupifupi mamita 100 pansi pa nthaka, m'malire a Switzerland ndi France kufupi ndi Geneva. Mapulotoni amayenda m'magulumagulu, gulu lililonse mapulotoni oposa 100 biliyoni, ndipo maguluwo amakumana pa ma nanosecond 25 aliwonse, ndiye kuti ka 40 miliyoni pa sekondi. Kuyambira 2015 mpaka 2018 mphamvu ya kuwombanako inali 13 TeV (TeV ndi muyezo wa mphamvu, wofanana ndi ma GeV 1,000), ndipo kuyambira 2022 inakwera kufika 13.6 TeV.

Koma musaganize kuti mphamvu yonseyo imalowa mu jet. M'kati mwa pulotoni muli ma quark atatu, awiri a up ndi imodzi ya down, pamodzi ndi ma gluon ochuluka, amene amamangirira ma quarkwo. Zogundana molimba zimakhala ziwiri zokha, quark kapena gluon ya mbali iyi ndi inzake ya mbali inayo, ndipo iliyonse yanyamula gawo chabe la mphamvu ya pulotoni yake. N'chifukwa chake ma jet ambiri ndi a ma GeV makumi angapo, ndipo ofika ma TeV ndi osowa.

Quark ikagundidwa n'kuthawa, siitha kuyenda yokha. Choyamba imatulutsa ma gluon, ma gluon aja amagawikanso, ena n'kubala quark ndi antiquark, ndipo zambiri mwa izi zimapita pafupi ndi njira ya quark yoyamba ija. Mphamvu yomangirira ma quark ili ngati mphira wa legeni: ukamaukoka umakungika, ndipo ukapitirira umaduka, koma pamene waduka pamabadwa quark ndi antiquark zatsopano, ndiye m'malo mwa quark yomasuka upeza tizidutswa tiwiri tomangika. Umu ndi mmene pulogalamu ya Pythia imawerengera, potsata ganizo la akatswiri a ku Lund. Zotuluka pamapeto ndi ma hadron, tizidutswa ta ma quark omangika pamodzi, makamaka ma pion, kenako ma kaon, mapulotoni ndi ma neutron ochepa. Gulu limeneli, lothamangira mbali imodzi, ndiye jet. Anayamba kuwaona mu 1975 pa makina a SPEAR ku Stanford, ndipo mu 1979 pa PETRA ku Hamburg anaona ma jet atatu pa kuwombana kumodzi, umene unali umboni wa gluon.

Mphamvu ya jet imagawika chonchi mwapakatikati: pafupifupi 65 peresenti ili m'ma hadron okhala ndi chaji, 25 peresenti m'ma photon, chifukwa pion yopanda chaji imasweka nthawi yomweyo kukhala ma photon awiri, ndipo 10 peresenti yotsalayo ili m'ma hadron opanda chaji. Gawo lililonse lili ndi chogwirira chake. Pakatikati pali tracker ya silicon m'kati mwa maginito, a 3.8 tesla ku CMS ndi a 2 tesla ku ATLAS, zimene ndi zipangizo ziwiri zazikulu zoyezera za pa LHC. Kanthu ka chaji kamakhota m'maginitomo, ndipo kakhotedwe kake kamatiuza momentum yake. Kunja kwake kuli calorimeter yoimitsa ma photon ndi ma electron, kenako ina yokhuthala yoimitsa ma hadron. Gawo la 10 peresenti lija ndi lovuta kwambiri, chifukwa silisiya mzere mu tracker, ndipo calorimeter ya ma hadron ndi imene imayeza mosalongosoka kuposa zonse.

Tsono mfundo imene ophunzira ambiri amaiphonya ndi iyi: chilengedwe sichijambula malire a jet. Malirewo amaika ndi munthu posankha algorithm. Imene ATLAS ndi CMS amagwiritsa ntchito ndi anti-kT, yolembedwa ndi Cacciari, Salam ndi Soyez mu 2008. Imayambira pa kanthu kamphamvu kwambiri n'kumasonkhanitsa tofooka tozungulira mpaka pa mtunda wotchedwa R, umene nthawi zambiri ndi 0.4. Mukachepetsa R, tizidutswa tina ta jet timagwera kunja kwa bwalo ndipo mphamvu imaoneka yochepa. Mukakulitsa R, mumakokera m'kati zinyalala za kuwombana kwina, poti pa kukumana kumodzi kwa magulu pamatha kukhala kuwombana 50 kapena 60 nthawi imodzi. Izi amazitcha pile-up. Amazichotsa poyang'ana komwe mzere uliwonse wayambira, n'kutaya yochokera pa malo ena, ndiponso pochotsa mphamvu yapakatikati molingana ndi kukula kwa bwalo la jet. Ma jet aakulu, a R 0.8 ku CMS kapena 1.0 ku ATLAS, amawasungira zinthu ngati top quark yothamanga kwambiri, imene zosweka zake zonse zimagwera m'bwalo limodzi.

Pomaliza amayesa ngati sikelo ili bwino. Amatenga zochitika zimene jet yathawira mbali ina, photon kapena Z boson mbali inayo. Photon imayezedwa bwino kwambiri, ndipo momentum yopingasa ya mbali ziwirizi iyenera kufanana. Zikasiyana, ndiye kuti muyezo wa jet ndi umene ukufunika kukonza.

Mayi Nangozo a ku Highfield:

Mwanangu, poyamba gwira ichi: makutu ambiri opweteka kapena otuluka mafinya safuna kujambula. Matenda a mwadzidzidzi a khutu lapakati, ofala mwa ana, amaoneka ndi otoscope, kachipangizo kounikira m'khutu, ndipo CT pamenepo ndi kumuwotcha mwana ndi cheza popanda phindu, n'kudyeranso makolo ndalama.

Kujambula kumabwera zikafika apa: kuseri kwa khutu kwatupa, kwafiira, ndipo khutu lakankhidwira kutsogolo, mbali imodzi ya nkhope yafooka, wodwala ali ndi chizungulire chachikulu kapena wagontha mwadzidzidzi, mutu ukuwawa kwambiri, khosi lauma, akusanza kapena akusokonezeka, kapena mafinya onunkha akhala miyezi osamva mankhwala, ndipo adokotala a makutu akukayikira cholesteatoma, khungu lounjikana m'khutu lapakati.

CT ya fupa la khutu siijambulidwa ngati ya mutu wamba. Stapes, kafupa kakang'ono kuposa onse m'thupi, ndi ka mamilimita 3 okha. Ukadula magawo a mamilimita 5 monga a ubongo, kafupako kamasungunukira mu mpweya ndi minofu yozungulira. Magawo akhale a 0.5 mpaka 0.625 mm, ndi kernel ya mafupa, window yotambalala pafupifupi 4000 ndi pakati pake pafupifupi 700. Chinanso chimene ambiri amachidumpha: khutu lililonse ulipangire chithunzi chakechake ndi field of view yaing'ono. Werengera wekha. Matrix ya 512 pa masentimita 25 ikupatsa pixel ya pafupifupi 0.5 mm, matrix yomweyo pa masentimita 9 ikupatsa yosafika 0.2 mm, popanda kuwonjezera cheza ngakhale pang'ono. Upangenso zithunzi za coronal, chifukwa scutum, kafupa kosongoka ka pamwamba pa nembanemba ya khutu, ndi denga la khutu lapakati zimaoneka bwino mmenemo. Wodwala avule ndolo, chothandizira kumva ndi timapini ta m'tsitsi. Chitsulo chimamwaza mizere yoyera ndi yakuda pamalo penipeni pamene ukufuna kuona.

Powerenga, cholakwika chofala ndi kuona madzi m'timapanga ta fupa la mastoid n'kulemba kuti mastoiditis. Madziwo amapezeka mwa anthu ambiri a matenda wamba a khutu lapakati, ngakhale mwa ena amene anajambulidwa pa zifukwa zina. Chodetsa nkhawa ndi pamene timakoma tolekanitsa timapangato tadyeka, kapena khoma la fupa labowoka. Ngati akukayikira chithupsa cha mafinya kapena magazi kuundana mu sigmoid sinus, mtsempha waukulu wodutsa kuseri kwa mastoid, pafunika mankhwala a contrast ndi zithunzi za window ya minofu. CT yopanda contrast ingathe kuphonya zimenezi kotheratu.

Cholesteatoma si khansa. Ndi khungu lounjikana m'khutu lapakati limene limadya mafupa pang'onopang'ono. Pa CT yang'ana scutum yodyeka nsonga, incus (kafupa kena ka m'khutu lapakati) yodyeka, lateral semicircular canal (kangalande ka m'kati mwenimweni mwa khutu) yobowoka, ndi ngalande ya mtsempha wa nkhope. Koma CT siitha kusiyanitsa cholesteatoma ndi madzi kapena zipsera. Zonse zimaoneka zotuwa chimodzimodzi, makamaka mwa munthu amene anachitidwapo opaleshoni. Apa ndi pamene MRI imalowa, ya diffusion yosakhala echo-planar, monga HASTE kapena PROPELLER, b-value ya 800 mpaka 1000. Ya echo-planar wamba imapindika pamene fupa ndi mpweya zakumana, ndipo khutu lonse ndi fupa ndi mpweya. Cholesteatoma imawala mbee pa chithunzicho. Dziwa malire ake: yosafika mamilimita 2 kapena 3 imatha kubisala, ndipo mafinya okhuthala kapena phula la m'khutu zimatha kuwala n'kukunamiza.

Gulu lina losafunika kuchedwa nalo ndi la achikulire a matenda a shuga ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga a HIV. Akamadandaula ululu woopsa wa khutu wosagonetsa usiku, ganizira necrotising otitis externa, nthenda yoyambira m'ngalande yakunja ya khutu, imene nthawi zambiri imabwera ndi Pseudomonas aeruginosa ndipo imalowerera m'fupa la pansi pa chigaza. CT imaonetsa fupa lodyeka, koma mochedwerapo. MRI imaonetsa msanga mmene matenda afalikira m'minofu ndi m'mafuta a m'fupa. Ndipo kuno kwathu, khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali osamva mankhwala, TB isaiwalike. Imeneyo siitsimikizika ndi sikani, koma ndi kuyeza mafinya kapena kachidutswa ka mnofu.

aBanda a ku Belvedere:

Zikomo Bambo Phiri ndi Mayi Nangozo. Ine ndingowonjezera za ubale umene achemwali afunsa, chifukwa anthu amaukokomeza.

CT yamasiku onse imagwira X-ray ndi scintillator, imene imasandutsa chezacho kukhala kuwala, kenako photodiode imasandutsa kuwalako kukhala magetsi. Imaphatikiza zonse pamodzi, siidziwa kuti ma photon anali angati kapena a mphamvu yanji, ndipo pakati pa ma pixel pamafunika timakoma totchinga kuwala, timene timalepheretsa kuwachepetsa kwambiri. Ma pixel detector opangidwira LHC anabwera ndi nzeru ina: pixel iliyonse ikhale ndi timagetsi take towerenga kanthu kamodzikamodzi. Ku CERN nzeruyi inabala tchipisi ta Medipix, ta ma pixel 256 kuchulukitsa 256, iliyonse ya ma micrometre 55. Kampani ya MARS Bioimaging ya ku New Zealand inagwiritsa ntchito Medipix3 kupanga sikana imene mu 2018 inajambula ziwalo za munthu, monga pamfundo ya dzanja ndi kakolo, mosiyanitsa fupa, mafuta ndi minofu.

Koma tisasakanize. CT yowerenga ma photon imene FDA, bungwe la ku America loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala, linavomereza mu 2021, Naeotom Alpha ya Siemens, ili ndi detector yakeyake ya cadmium telluride, osati Medipix. Ganizo ndi limodzi, chipangizo n'chosiyana. Phindu lake pa khutu ndi loti imadula mpaka 0.2 mm, ndipo phokoso la magetsi limatayidwa poika malire a mphamvu, kotero timiyendo ta stapes timaoneka bwino pa cheza chocheperapo. Ili ndi pile-up yakenso: ma photon awiri akafika pa pixel imodzi nthawi imodzi amawerengedwa ngati imodzi yamphamvu, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ma pixel ake amakhalira aang'ono. Zimenezi sizichotsa MRI pa nkhani ya cholesteatoma, monga anenera Mayi.

Nachisale wa ku Mufakose:

Zikomo kwambiri nonse, zandilowa. Mayi, katsala kamodzi: mwana wa zaka zitatu wotupa kuseri kwa khutu, wosakhazikika patebulo, timatani kuti tisamujambule kawiri?

Mayi Nangozo a ku Highfield:

Zonse zikonzeke mwana asanalowe m'chipinda. Funsa adokotala ngati akufuna contrast. Pa kutupa kotere nthawi zambiri amaifuna, ndipo ukajambula kamodzi contrast ili m'thupi, zithunzi za mafupa ndi za minofu uzipanga kuchokera pa sikani yomweyo. Usajambule yopanda contrast kenako ina ya contrast. Cannula aikiretu kuwodi ndipo iyesedwe, kuti kulira kuthere komweko. Sankha protocol ya ana yotsitsa mAs, ndiye kuti kuchuluka kwa cheza, molingana ndi msinkhu, osati ya akulu. Mutu uumange ndi timapilo ndi lamba, uupendeke kuti maso achoke m'njira ya cheza mmene kungathekere, chifukwa lens ya diso siichedwa kuvulala. Mayi ake, ngati sali oyembekezera, avale chovala cha lead n'kuima pomwe mwana akuwaona. Kujambula kwenikweniko ndi kwa masekondi ochepa, ndiye dikira mpaka atadekha. Akakanikabe, imani, mukambirane ndi adokotala zomugonetsa ndi mankhwala pali womuyang'anira kapumidwe. Pa magawo a theka la milimita, kugwedezeka pang'ono kokha kumapanga makoma awiriawiri, ndipo wowerenga sangadziwe ngati fupa ladyeka kapena mwana anangotembenuka.