Funso: kodi anzake a m'kalasi ndi dera logona zimakwezadi malikisi a mwana, ndipo tingazilekanitse bwanji pa manambala?

Wophunzira wa ku Zomba analemba:

Akuluakulu a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwagwirapo ntchito yosanthula manambala a zamaphunziro. Ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri, ndipo ndili ndi malikisi a masamu a ana a Sitandade 6 ochokera m'masukulu angapo a pulayimale a mumzinda wa Blantyre, pamodzi ndi msinkhu wa mwana aliyense, maphunziro a makolo ake ndi dera limene amagona. Nditachita regression (njira ya masamu yoyeza mmene chinthu china chimagwirizanirana ndi zinthu zina), ndikuika avareji ya kalasi ngati chimodzi mwa zinthu zofotokoza malikisi a mwana, ndapeza kuti mwana amene ali pakati pa ana okhoza nayenso amakhoza, ngakhale nditawerengera kale maphunziro a makolo. Ndinafuna kulemba kuti anzake a mwana amamukweza, choncho kusakaniza ana ofooka ndi okhoza kungathandize, koma amene akundiyang'anira akuti zimene ndapezazo sizikutsimikizira zotero. Ndikufuna kumvetsa chifukwa chake, komanso njira yolekanitsira mbali ya dera ndi mbali ya sukulu, poti ana a dera limodzi saphunzira onse pasukulu imodzi.

Namasamu anayankha:

Achimwene, okuyang'aniraniwo akunena zoona, ndipo muyambe mwaona ngati mu avareji ya kalasiyo mwaphatikizamo malikisi a mwana amene mukumufotokozayo. Ngati mwatero, ndipo mu model (dongosolo la masamu la regression yanuyo) mulibe chinthu china, masamu okha amapangitsa kuti coefficient, nambala yosonyeza mphamvu ya avarejiyo pa malikisi a mwana, ituluke 1, ngakhale anawo akanakhala osadziwana n'komwe, chifukwa mwanayo akudzifotokoza yekha kudzera mu avarejiyo. Mwanayo achotsedwe kaye, kuti avareji ikhale ya anzake okhaokha.

Komabe kumuchotsako sikuthetsa vuto lalikulu limene Charles Manski analifotokoza mu 1993 n'kulitcha reflection problem. Iye anafanizira ndi munthu amene akuona wina akusuntha limodzi ndi chithunzi chake cha pagalasi: ngati woonayo sadziwa mmene galasi limagwirira ntchito, sangathe kunena kuti akusunthitsa mnzake ndani. M'kalasi, mwana amakokedwa ndi anzake pa nthawi yomwe iyenso akuwakoka, ndipo malikisi a mayeso amodzi sangasonyeze kuti mphamvuyo ikuchokera kuti. Manski anasiyanitsa zinthu zitatu zimene zimatulutsa chithunzi chofanana pa manambala. Anzake akamalimbikira, mwana akhoza kulimbikira nawo. Mwinanso si khama la anzakewo limene likumuthandiza, koma mabanja amene akuchokerako, monga pamene mnzake akubwera ndi buku limene makolo ake anamugulira, onse n'kumawerengera limodzi. Chachitatu, chimene ine ndikuchikayikira kwambiri pa manambala anu, n'chakuti ana a kalasi imodzi amafanana chifukwa ali ndi mphunzitsi mmodzi, amagawana mabuku ochepa omwewo, ndipo makolo amene amasamala za sukulu amapititsa ana awo kumasukulu amodzimodzi amene ali ndi mbiri yabwino. Pamenepa palibe mwana amene wakweza mnzake, koma regression yanu idzalemba zonsezo ngati mphamvu ya anzake. Mkangano umenewu unayamba kale, pamene lipoti la James Coleman la mu 1966, lochokera pa ana oposa 600,000 a ku America, linanena kuti banja la mwana ndi mtundu wa ana amene amaphunzira nawo zimagwirizana kwambiri ndi malikisi kuposa zipangizo za pasukulu, ndipo otsutsa anafunsa funso lomwe akufunsani inuli.

Za dera ndi sukulu, mwaona bwino kuti dera silikhala mkati mwa sukulu, ndiponso sukulu siikhala mkati mwa dera. Njira yoyenera ndi cross-classified multilevel model, imene imapatsa sukulu iliyonse gawo lake ndi dera lililonse gawo lake pa nthawi imodzi. Mu pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala ya R, pogwiritsa ntchito chida chake cha lme4, mumangowonjezera (1|sukulu) + (1|dera) kumapeto kwa model. Mukasiya kusiyanitsa kotere, zimene zili za dera zimalowa m'gawo la sukulu, sukulu n'kuoneka ngati ili ndi mphamvu yoposa imene ili nayo. Garner ndi Raudenbush anagwiritsa ntchito multilevel model pa ana a ku Scotland mu 1991, ndipo anapeza kuti umphawi wa dera umagwirizana ndi zotsatira zotsika ngakhale atawerengera luso la mwana, banja ndi sukulu. Dziwani kuti model imeneyi imakuuzani pamene kusiyana kwa malikisi kwaunjikana, siikuuzani chimene chingachitike mutasamutsa mwana.

Mphunzitsi wopuma wa ku Mulanje anayankha:

Mwana wanga, ine masamu akuluakuluwa sindiwalowerera, koma ndaphunzitsa makalasi odzaza kuyambira pamene maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, ndipo ndikukupemphani kuti musanakhulupirire avareji ya kalasi mudzifunse kuti mnzake wa mwana ndi ndani. M'kalasi ya ana oposa 100, mwana amene wakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko sadziwa n'komwe zimene wa kutsogolo akulemba. Amene amamukhudza ndi ana anayi kapena asanu amene amakhala nawo pa desiki kapena pansi, amene amayenda nawo popita ndi pobwerera, ndi amene amakopera kwa iye ntchito ya kunyumba m'mawa belu lisanalire. Pakati pa amenewo pakhoza kukhala mnyamata wamkulu wobwereza kalasi, amene mawu ake amamveka kuposa a ana khumi okhoza.

Mufunsenso aphunzitsi aakulu a masukulu anuwo mmene anagawira ana mu 6A ndi 6B. Ena amagawa potsata kaundula, koma ena amaika ana okhoza pamodzi n'kuwapatsa mphunzitsi wodalirika, poganizira mayeso a Sitandade 8 ndi masankho opita ku sekondale. Kumene zatero, kufanana kwa malikisi a m'kalasi ndi ntchito ya amene anagawayo. Palinso ana amene masana amapita kukaphunzira mwapadera kwa aphunzitsi olipidwa, ndipo nthawi zambiri ana otere amachokera mbali imodzi ya dera.

Pa nkhani ya dera, musangolemba kuti Ndirande kapena Bangwe ngati kuti ndi malo amodzi ofanana. Mwana wina amagona m'nyumba ya mpanda yokhala ndi magetsi ndi tebulo, pamene wina, mtunda wa mphindi zochepa chabe, amawerenga ndi tochi ya foni m'chipinda chimodzi cha lendi chogundana ndi nyumba yoonetsera mavidiyo imene imasokosa mpaka usiku. Ndipo ana ena amalembetsa dera la azakhali awo kumene amagona masiku a sukulu okha.

Wazachuma anayankha:

Ndikuwonjezera pa zimene amayi ndi abambo anena, makamaka pa malangizo amene mukufuna kulemba. Kumene anthu apezako yankho lodalirika ndi kumene anzake a mwana anasankhidwa mwa maere kapena mwangozi. Bruce Sacerdote mu 2001 anagwiritsa ntchito ophunzira a ku Dartmouth College ku America amene anapatsidwa ogona nawo chipinda mwa maere, ndipo anapeza kuti mphamvu pa malikisi ilipo, koma ndi yocheperapo poyerekeza ndi mphamvu pa zosankha za moyo wocheza. Caroline Hoxby mu 2000 anayerekeza magulu a zaka zotsatizana pasukulu imodzimodzi ku Texas, poti chaka china mumapezeka atsikana ambiri, china ochepa, popanda wina wokonza.

Pa dera, chitsanzo chachikulu ndi Moving to Opportunity, pamene pakati pa 1994 ndi 1998 mabanja pafupifupi 4,600 a ku Baltimore, Boston, Chicago, Los Angeles ndi New York anachititsidwa maere, ena n'kupatsidwa thandizo la lendi losamukira kumadera opanda umphawi wambiri. Atayang'ana koyamba, malikisi a ana pa kuwerenga ndi masamu sanasinthe kwenikweni. Koma mu 2016 Chetty, Hendren ndi Katz anapeza kuti ana amene anasamuka asanakwanitse zaka 13 ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 31 peresenti atakula poyerekeza ndi ana a mabanja amene sanapatsidwe thandizolo, ndipo mwayi wawo wofika ku koleji unakwera. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti malikisi a chaka chimodzi akhoza kubisa mphamvu ya dera imene imafuna zaka zambiri kuti ioneke.

Kusakaniza ana nako kwayesedwa, ndipo zotsatira zake zikutichenjeza. Ku United States Air Force Academy, Carrell, Sacerdote ndi West anatenga manambala odalirika a zaka zam'mbuyo n'kupanga magulu oika ophunzira ofooka pamodzi ndi okhoza kwambiri, osaikamo apakatikati. Lipoti lawo la mu 2013 linasonyeza kuti ofookawo anatsika m'malo mokwera, chifukwa mkati mwa gululo anapatukana, ofooka n'kumacheza okhaokha. Kumadzulo kwa Kenya, Duflo, Dupas ndi Kremer anayesa masukulu a pulayimale 121, ena akugawa ana potsata luso, ena mwa maere, ndipo mu 2011 analengeza kuti kugawa potsata luso kunathandiza ana onse, ofooka omwe, poti mphunzitsi ankaphunzitsa pa mlingo wa ana amene ali patsogolo pake. Makalasi athu akufanana kwambiri ndi a ku Kenya kuposa a ku America, choncho malangizo osakaniza musawalembe popanda kuyankha zimene anapeza kumeneko.

Wophunzira wa ku Zomba analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Masukuluwa akusunga malikisi a ana omwewa a kumapeto kwa Sitandade 5, ndipo ndikhoza kubwereranso kukafunsa mwana aliyense anzake amene amawerenga nawo. Kodi zimenezi zingandifikitse pati?

Namasamu anayankhanso:

Zingakufikitseni patsogolo ndithu, achimwene. Gwiritsani ntchito avareji ya malikisi a Sitandade 5 a anzake, pamodzi ndi malikisi a Sitandade 5 a mwanayo, pofotokoza malikisi ake a Sitandade 6, chifukwa zimene anzake anapeza chaka chatha sizingasinthidwe ndi zimene iye wachita chaka chino, ngakhale muyenera kukumbukira kuti ambiri a iwo anali limodzi kale. Yerekezani makalasi a mkati mwa sukulu imodzi poika fixed effect ya sukulu (yochotsa kusiyana konse kwa pakati pa masukulu), ndipo tengani masukulu okhawo amene anagawa ana potsata kaundula, monga anenera abambo a ku Mulanje aja, mutatsimikiza kuti 6A ndi 6B zinayamba zofanana pa msinkhu, malikisi akale ndi maphunziro a makolo. Mphunzitsi adzakhalabe wosiyana pakati pa makalasi awiriwo, ndipo zimenezo muzilembe poyera. Mndandanda wa anzake ungakulolezeni kuyesa njira ya Bramoullé, Djebbari ndi Fortin ya mu 2009, yogwiritsa ntchito anzake a anzake amene mwanayo sacheza nawo, koma imafuna mndandanda wathunthu wa kalasi yonse, chilolezo cha makolo, ndi kubisa mayina. Pomaliza, mayeso a kumapeto kwa Sitandade 5 salembedwa ofanana m'masukulu onse, choncho malikisiwo muwasinthe kukhala z-score (muyeso wa mmene mwana watalikirana ndi avareji ya gulu lake) mkati mwa gulu lililonse lolemba mayeso amodzi, ndipo standard error (muyeso wa kusatsimikizika kwa zotsatira) iwerengedwe potsata makalasi, podziwa kuti makalasi akachepa kwambiri siikhala yodalirika.