Nkhani ya ma share option ija yatha bwanji

Ndinafunsa ngati kampani iyenera kulemba chilichonse m'mabuku ikapatsa ogwira ntchito ma share option (ufulu wodzagula masheya a kampaniyo mtsogolo pa mtengo wogwirizana kale), poti palibe ndalama yotuluka kubanki. Zikomo nonse amene munayankha. Takhala pansi ndi ma auditor athu (ofufuza mabuku a ndalama), ndipo tagwirizana motere.

Inde, timalemba. Muyezo wa mayiko ambiri wa kalembedwe ka mabuku a ndalama pa nkhaniyi ndi IFRS 2, womwe unatuluka mu 2004. Mtengo wa option umawerengedwa pa tsiku limene yaperekedwa, kawirikawiri pogwiritsa ntchito njira ya masamu yotchedwa Black-Scholes, ndipo suusinthanso ngakhale masheya akwere kapena agwe. Mtengowo umagawidwa pa zaka zimene munthu ayenera kugwira ntchito asanaloledwe kugula masheyawo: chaka chilichonse gawolo limalembedwa ngati expense (zowonongedwa poyendetsa kampani), ndipo ndalama yomweyo imawonjezedwa ku equity (chuma cha eni kampani).

Tiyerekeze ma option 10,000, iliyonse mtengo wake wowerengedwa ndi K300, zaka 3. Chaka choyamba mulemba K1,000,000. Chaka chachiwiri ena asiya ntchito, ndipo mukuyembekezera kuti adzatsala ma option 8,000 okha. Zonse pamodzi zikhala K2,400,000, magawo awiri mwa atatu ndi K1,600,000. Chotsanipo za chaka chatha zija, mulemba K600,000 basi.

Chimene chinatidyera nthawi ndi volatility (kukula kwa momwe mtengo wa masheya umakwerera ndi kutsika), yomwe imafunika powerengera mtengo wa option. Kampani yathu siili pa Malawi Stock Exchange, choncho tinayang'ana makampani ofanana nayo omwe ali pamsika. Kunena zoona, apa mpamene mudzakangane ndi auditor wanu, ndiye sungani mapepala osonyeza chifukwa chimene munasankhira makampaniwo.

Inu amene munatchula zolipira ndalama m'malo mwa masheya, imeneyo imalembedwa ngati ngongole, ndipo imawerengedwanso kumapeto kwa chaka chilichonse mpaka italipidwa.