Thandizeni: umodzi, mgwirizano ndi chimvano zimasiyana pati?

Membala wosadzitchula: Akuluakulu pa gulu pano, ndithandizeni msanga, mutu waima. Andipatsa ntchito yolemba chikalata cha gulu lathu ndiye ndakakamira pa mutu wake. Ndilembe umodzi, mgwirizano, chiyanjano kapena chimvano? Mtanthauziramawu amati chiyani pa mawu amenewa? Ntchitoyi si yanga n'komwe, ndi ya mlembi, koma anangoti wadwala n'kuzimitsa foni, chonsecho anthu amuona akuyenda bwinobwino. Wapampando nayenso amandiyankhula ngati mwana pamaso pa anthu pomwe ndine wamkulu kwa iye. Ulendo watha ndinanena kuti "kulumikizana", ena mpaka kugwira m'mimba ndi kuseka. Loweruka ndikawerenge pamaso pa onse, tulo sindikupeza.

Make Mapasa: Pepani mayi. Koma chikalatacho n'cha chiyani? Ndi magulu awiri akufuna kukhala limodzi kapena ndi gulu lomwelo?

Mphunzitsi Wopuma: Izi ndi zomwe ndimanena tsiku ndi tsiku pano! Munthu wamkulu osasiyanitsa mawu a chiyankhulo chake. Mvetserani. Umodzi wachokera ku -modzi, ndiye kuti zinthu zasanduka chimodzi, simungalozenso kuti ichi n'chauje. Mgwirizano wachokera ku mneni gwirizana, chimvano ku mvana, chiyanjano ku yanjana. Mukuiona -ana ili kumapetoyo? Imeneyo imasonyeza kuchitirana, ndipo munthu sachitirana yekha. Pamafunika mbali ziwiri kapena kuposa, iliyonse ikadali ndi dzina lake. Kale zinthu izi mwana wa pulayimale amaziimba.

Wamagetsi: Anakusekani chifukwa kulumikiza ndi kwathu kuno, timalumikiza mawaya. Bwerani ndi wapampandoyo ndidzakulumikizeni, muyaka bwino 😂

Mphunzitsi Wopuma: Achimwene, nthabwala pambali, pamenepo mwalasa. Kulumikiza ndi kukumanitsa nsonga ziwiri, monga za chingwe. Kuphatikiza ndi kuika zinthu pamodzi, zifune zisafune. Mu 1953 azungu anaphatikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia n'kupanga chitaganya. Kodi makolo athu anagwirizana nazo? Ayi! N'chifukwa chake chinatha mu 1963. Vuto linayamba pomwe Chichewa Board, yomwe inkayang'anira chiyankhulo chathuchi, inachoka, lero aliyense akungolemba mmene wadzukira.

Wophunzira ku Yunivesite: Aphunzitsi, ntchito ya Board ija inapita ku Centre for Language Studies, sinafe. Iwowa ndi amene anakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000, womasulira Chichewa m'Chichewa. Mayi, mukaupeza musafufuze pa "ku-". Aneni amalembedwa opanda ku-, ndiye muyang'ane gwirizana, yanjana, lumikiza.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana iwe usandiphunzitse, bukulo ndili nalo pa tebulo pompano. Ndikunena za kulemekeza chiyankhulo, osati za maofesi.

Bambo a Chikondi: Ine mawu akuti umodzi ndikawamva mtima umandiwawa. Gulu lathu linaphatikizana ndi lina, akuti tikhale amodzi, thumba limodzi. Chaka chisanathe msungichuma wa mbali inayo anasowa ndi ndalama zonse, ndipo chikalata chinalibe mzere wonena kuti zathu zinali zingati. Mpaka lero mkazi wanga amandikumbutsa. Mayi, chenjerani ndi zosainasaina.

Mayi Wamvano: Mwaiwala mpingo. Mu CCAP amayi a Sinodi ya Blantyre timatchedwa a Mvano, a Sinodi ya Nkhoma ndi a Chigwirizano, a Livingstonia ndi a Umanyano. Ntchito ndi yofanana, mayina ndi osiyana. Ine ndikanasankha chimvano, paja akuluakulu anati chimvano cha mavu choning'a pamimba. Komanso mlembiyo musamuweruze, mwina akudwaladi.

Make Mapasa: Chiyanjano chokha musachitenge ngati simunayambane. Anthu amayanjanitsidwa pakakhala kuti panali mkangano.

Mnyamata wa Ndale: Mgwirizano ndi mawu a zipani amenewo. Pa chisankho cha pulezidenti cha mu 2004 a Gwanda Chakuamba anaimira Mgwirizano, zipani zingapo zinaima pambuyo pawo koma chilichonse chinasunga dzina lake. Mwaona zimathera pati?

Mphunzitsi Wopuma: Ndale zalowa bwanji apa? Komabe chitsanzo chakocho chikungotsimikiza zomwe ndanena kale, kuti pa mgwirizano aliyense amakhala ndi dzina lake. A Make Mapasa, inunso mwachepetsa tanthauzo. Anthu amayanjana ngakhale sanakanganepo, mabwenzi amayanjana. Chofuna mkangano ndi kuyanjanitsa, osati kuyanjana. Tiziwerenga tisanalembe!

Make Mapasa: Bambo, kukalipa sikutanthauzira mawu. Ine ndafunsa funso loti likanatithandiza tonse, inu mwadzaza tsamba lonse.

Membala wosadzitchula: Zikomo nonse, ndawerenga. Wapampando wanditumiziranso uthenga woti ndifulumire, osati n'kupereka moni komwe. Ndiye pamenepa ndilembe liti?

Make Mapasa: Mayi, kachiwiri: magulu ndi angati, ndipo thumba likhala limodzi kapena ayi?