Matope a pansi pa Nyanja ya Malawi amaulula bwanji nyengo zakale?

Akuluakulu, makamaka inu aphunzitsi anzanga a jogalafe, ndithandizeni. Mu 2005 ofufuza anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope m'mapaipi ataliatali. Atawaunika anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, nyanja n'kuphwa mpaka kutsala madzi ochepa zedi.

Zoti mungu wa mitengo ndi tizigoba ta ndere zimasungika m'matopemo, chimenecho ndikuchimva. Pandivuta ndi pa zaka. Njira ya kaboni, yoyezera zaka za zinthu zakale, imafika zaka pafupifupi 50,000 basi, nanga zakutalizo anaziwerenga bwanji?

Ophunzira anga a Fomu 4 akufunsanso ngati kuuma kwa Chilwa mu 1995 n'kofanana ndi zimenezi. Ndiwayankhe motani kuti ndisawasokeretse?