Kodi kupereka mtengo wotsika pa nyumba yofunika kukonza ku Ngabu n'chipongwe?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Kuno ku Ngabu, pafupi ndi msewu wa M1, akugulitsa nyumba ya zipinda zitatu zogona, ndipo eni ake, omwe ndi ana a malemu amene anaimanga, akufuna K24 miliyoni. Malo ndi abwino, madzi ndi magetsi zilipo, koma nyumbayo yatha kwambiri: malata achita dzimbiri, mitengo ya denga yadyedwa ndi chiswe, pulasitala wa m'munsi mwa makoma akuyoyoka, ndiponso khoma la kuseri lili ndi mng'alu woyambira pansi mpaka pawindo. Ndikuganiza zoyambira pa K15 miliyoni, koma ndikuopa kuti banjalo lingaone ngati ndikupeputsa thukuta la bambo awo, chonsecho timapemphera tchalitchi chimodzi. Kodi mtengo woterewu ndi woyenera, nanga ndiwauze bwanji?

Mmisiri wa ku Nchalo:

Aphunzitsi, musatchule ndalama ina iliyonse musanapite ndi mmisiri wanu, amene si mnzawo wa ogulitsawo, kuti akayendere nyumbayo n'kukulemberani papepala chilichonse chofunika kukonza pamodzi ndi mtengo wake. Dengalo silikundidetsa nkhawa, chifukwa malata ndi matabwa mtengo wake umadziwika tsiku lomwelo. Chimene chandigwira mtima ndi mng'aluwo. Dothi la makande la kwanuko limafufuma mvula ikagwa, n'kung'ambika m'chilimwe mpaka dzanja kulowa, ndipo maziko osazama amayenda nalo limodzi. Kayeseni zitseko zonse: zikamakana kutsekeka, kapena mukaona kuti mng'aluwo anaumatapo kale koma watsegukanso, dziwani kuti vuto lili pansi, ndipo ndalama zolimbitsira maziko zikhoza kuposa za denga lonse.

Pamene pakuyoyokapo palani ndi chala. Mukapeza ufa woyera, umenewo ndi mchere umene ukukwera ndi chinyontho kuchokera m'nthaka, vuto limene timalidziwa bwino m'chigwa muno. Umadya njerwa mpaka kufumbutuka, ndipo kupaka penti kumangobisa kwa miyezi yochepa. Mitengo ya zipangizo muitenge ya sabata ino, pakuti chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 pepala lakale silithandiza munthu. Muwerengerenso ndalama ya galimoto ngati katundu wina adzachokere ku Blantyre, ndi ina yapadera ya zowola zimene zimaoneka pokhapokha denga litasasulidwa. Ndalama zonsezo muzichotse pa mtengo wa nyumba yabwinobwino ya kukula komweko m'dera lomwelo, ndipo yotsalayo ndiyo mukapereke, kaya ikhale K15 miliyoni kaya iposerepo.

Mayi wa ku Bangula:

Bambo mmisiri anena zoona, koma ine ndiwonjezere za madzi. Funsani anthu oyandikana nayo, osati eni ake okha, kuti madzi anafika pati mu Januwale 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Si Shire yekha amene amasefukira. Mitsinje yotsika m'mapiri a kumadzulo imadzaza usiku umodzi. Ngati madzi analowa m'nyumbamo, ngakhale atakutsitsirani bwanji ine sindingakulimbikitseni.

Za chipongwe, chimene chimapweteka anthu si ndalama yochepayo ayi, koma kafikidwe. Musalembe uthenga pa WhatsApp. Pitani nokha pamodzi ndi munthu wamkulu amene banjalo limamulemekeza, mukhale pansi, muyamikire ntchito imene malemu anagwira, kenaka muwaonetse pepala la mmisiri n'kuwauza kuti ali ndi ufulu woitana mmisiri wawo kuti atsimikize. Musatchule zolakwika za nyumbayo ngati mukuwerenga milandu, pakuti ana amenewo anakulira momwemo. Mukatero muwapatse nthawi yokambirana paokha, ndipo akakana musiyane bwino, chifukwa nyumba yotere sipeza wogula msanga ndipo akhoza kudzakuitananinso.

Bambo wa ku Chikwawa Boma:

Aphunzitsi, popeza chimenechi ndi chuma cha masiye, chenjerani ndi mwana mmodzi amene angavomere mtengo wotsika mofulumira abale ake asakudziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapereka gawo kwa mkazi wa malemu ndi ana onse, choncho funsani kalata ya kukhoti yosonyeza amene ali ndi mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo mukafunsenso ku ofesi ya DC. Dziwaninso ngati malowo ali ndi lizi kapena ndi a kwa mfumu; ngati ndi a kwa mfumu, a nyakwawa achitire umboni malire ndi mgwirizano wanu. Ngongole za madzi ndi magetsi zimene zingakhalepo zilowe pa zochotsera zija, ndipo ndalama zidutse kubanki onse atasaina.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi a anawo alipo ndipo amakhala ku Nsanje, choncho ndipempha kuti adzakhalepo pokambirana. Mmisiri ndamupeza, akayamba ndi kukumba pambali pa khoma lang'alukalo kuti tione kuzama kwa maziko.