Chiuno cha mayi anga chikulira kuti kwiii, ndithandizeni

Admin ndibiseni dzina chonde. Mayi anga anawapanga opaleshoni ya chiuno ku India, anawayika cha seramiki. Ndalama yake tinachita kugulitsa puloti ya malemu bambo, achimwene anga aakulu sanasonkhe olo 1 kwacha koma lero ndi amene akulalata kuti ndinawapititsa kolakwika, alamu nawo foni yanga sakuyankha. Tsono miyezi iwiri ino mayi akamawerama kutola tsache kapena akamadzuka pamkeka chiunocho chikumalira ngati chitseko chadzimbiri, mpaka mwana wanga anamva ali pakhonde. Ine tulo sindikuona. Kodi ndiye kuti chatha? Chingasweke mkatimo?

Mkulu wa ku Joni: Seramiki IMASWEKA mlongo, asakunamizeni. Mu 2001 kampani ya ku France ya Saint-Gobain Desmarquest inachotsa pamsika mitu ya ziuno zoyikirira (kampira kamene kamazungulira mu kapu) yopangidwa ndi seramiki yotchedwa zirconia chifukwa inkasweka m'matupi mwa anthu, ndipo zirconia yokhayokha imafooka ikakhalitsa m'madzi a m'thupi. Nkhaniyi ndinaifufuza bwino abwana anga atawapanga.

Namwino wopuma: Mwana wanga sunatiuze chachikulu, anawapanga chaka chanji, nanga akumva kupweteka kapena anagwapo? Onanso pa pepala lakuchipatala ngati ndi seramiki mbali zonse kapena mutu wa seramiki kapu ya pulasitiki.

Mayi a mapasa: Ine apongozi anga anagwa kubafa tinakhala pa mzere wa opaleshoni mpaka anasiya kuyenda, abale awo onse zii. Achimwene anuwo asiyeni Mulungu akuona.

Wa kabaza: Athireni girisi agogowo kkkk

Mayi a mapasa: Ulibe mayi iwe? Mwano basi.

Namwino wopuma: Bambo a ku Joni musawopseze mwana. Za masiku ano zambiri ndi seramiki ya alumina yosakaniza ndi zirconia, monga Biolox delta, kusweka kwake nkosowa kwambiri. Kulirako kumachitika seramiki ikamakhudzana ndi seramiki inzake, makamaka mutu ukamatsamira m'mphepete mwa kapu munthu akawerama kwambiri. Ambiri chimalira popanda ululu.

Mkulu wa ku Joni: Nkosowa koma kumachitika mayi, ndanama? Ndipo ikasweka tizidutswa take ndi tolimba kuposa chitsulo, akakuyika mutu wachitsulo pa opaleshoni yachiwiri timaupala ngati sandipepa mpaka chitsulo cha cobalt kulowa m'magazi. Ya pulasitikinso musaitame, ikamaperepeseka fumbi lake limadyetsa fupa chiuno nkuyamba kugwedera. Anthu kumudziko simuwerenga ndiye vuto.

Dona wa ku Area 25: Bwanji kuthamangira ku India madotolo a mafupa ali konkuno? Ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre ankapanga ziuno, ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION. Pitani akajambule X-ray basi.

Mlongo mwa Ambuye: Inbox ndili ndi mafuta opaka a mafupa.

Mkulu wa ku Joni: Mafuta alowa bwanji mu seramiki inu? X-ray yokhanso mng'alu waung'ono nthawi zina siyiwona, pamafunika sikani ya CT.

Namwino wopuma: Pakali pano asiye kukhala pamkeka ndi kunjuta, apezereni mpando wautali. Akamva ululu wadzidzidzi kapena kukhukhuluza ngati mchenga, asapondere mwendowo, thamangani nawo tsiku lomwelo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Achimwene ayimbanso pompano akuti transport ndilipire ndekha, ine ndatopa nawo abale.

Namwino wopuma: Chaka chija mwana wanga, ndipo akumva kupweteka?