Belu la sukulu loti ana osamva aziliona ndi maso

Mphunzitsi, Katete:
Aphunzitsi anzanga, m'kalasi mwanga muli ana osamva, ndipo belu likalira amangodziwira poona anzawo a m'makalasi ena akutuluka. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku limene moto ungabuke. Ndikufuna getsi lothwanima nthawi imodzi ndi belu, koma magetsi kuno amazimazima. Amene munayesapo, ndigawireni nzeru.

Wokonza zamagetsi, Chipata:
Aphunzitsi, musadalire magetsi a pakhoma. Pezani getsi la LED la mavolti 12, batire ndi sola yaing'ono. Ngati belu lanu ndi chitsulo chomenyedwa ndi dzanja, monga zilili m'sukulu zambiri, ikani switchi pomwepo kuti womenya belu aziidinanso. Getsilo likhale pamwamba pa bolodi, pamene maso a ana amakhala poyang'ana manja a mphunzitsi, osati pafupi ndi zenera, chifukwa dzuwa la mu Okutobala lingaliphimbe.

Mphunzitsi, Lundazi:
Mafoni a Android ali ndi pulogalamu yotchedwa Sound Notifications, imene Google inatulutsa mu 2020. Foni ikamva alamu kapena kugogoda pachitseko, imanjenjemera ndi kuthwanima. Imathandiza mphunzitsi amene iye mwini samva, koma sindingaidalire pa kalasi yonse.

Namwino, Chipata:
Abambo a zamagetsi anena zoona, koma pali chimodzi chimene sindingachilekerere. Kuwala kothwanima mofulumira kumatha kugwetsa ana ena odwala khunyu, makamaka kukamapitirira katatu pa sekondi imodzi. Sankhani getsi lothwanima kamodzi pa sekondi, ndipo musanaliike mufunse makolo ngati pali mwana amene amagwa.

Mayi woyang'anira ana ogonera pasukulu, Petauke:
Nonse mukukamba za masana. Mwana amene wagona akhoza osadzuka ndi getsi, ngakhale liwale chotani. Kogona kumafunika kachipangizo konjenjemera koika pansi pa pilo, ndipo pamene sikanapezeke, wamkulu wakumva azigona pafupi ndi chitseko, akudziwa bedi lililonse limene ayenera kuligwedeza.

Mphunzitsi, Katete:
Zikomo nonse. Ndiika magetsi awiri, loyera la nthawi ya maphunziro ndi lofiira la ngozi, ndipo tanthauzo lake ndidzawafotokozera anawo m'chinenero chamanja tisanayeserere kutuluka. Abambo a ku Chipata, kodi batire imodzi ingakwanire makalasi atatu, nanga waya wake akhale wonenepa bwanji?